Pinto Wapeza Miyendo

Zoila ndi mwana wa mlongo wanga. Zoila anali ndi galu wopanda thupi. Unali mutu wokha, mutu wadothi. Agogo ake anautola m'munda wa chimanga. Zoila anautcha Pinto. Ankadya naye. Ankagona naye.

"Pinto, miyendo yako ili kuti?" ankafunsa Zoila.

Pinto sankayankha.

"Galu wako ndi waulesi," anatero Wilmer, mchimwene wake. "Sauwa, sathamanga. Galu ndi Camote uyu!"

Camote ndi galu wawo weniweni, wakuda, wopanda ubweya.

Kuseri kwa mudzi wathu, ku Peru kuno, kuli phiri. Si phiri lamiyala ayi. Ndi phiri la zidina. Timalitcha huaca. Analimanga anthu akalekale.

Ndili mwana, phirili linali lalitali. Nditakula ndinapita kunja kwa dziko. Nditabwerako, ndinalipeza lili maenje okhaokha. Anthu anakumba. Miphika yakale imene anapezamo anagulitsa kwa alendo. Miphikayo inakwera ndege. Sinabwerenso.

Chaka chino kunabwera okumba ena. Awa sagulitsa, amafufuza zamakedzana. Amakumba pang'onopang'ono ndi kaburashi. Wowatsogolera ndi mayi Rosaura.

"Loweruka mubwere nonse," anatero mayi Rosaura. "Phirili ndi lanu. Mudzatithandize kusefa dothi."

Loweruka tinapita. Zoila anaika Pinto m'thumba.

Tinasefa, tinasefa. Wilmer anapeza mkanda. Amayi ake a Zoila anapeza kachitsononkho.

"Kachepa bwanji!" anatero amayi.

"Munthu anadya chimanga chimenechi," anatero mayi Rosaura. "Anachidya kalekale, agogo a agogo anu asanabadwe."

Amayi anakagwira bwinobwino, ngati dzira.

Pamthunzi panali tebulo. Patebulo panali mtsuko wadothi. Kutsogolo kwa mtsuko kunali galu wadothi, woumbidwa pamtsuko pomwepo. Galuyo anali ndi miyendo inayi. Anali ndi mchira. Analibe mutu.

Zoila anaima. Anayang'anitsitsa pakhosi pa galuyo.

"Mtsuko uwu unkaimba," anatero mayi Rosaura. "Mawu ake ankatulukira m'mutu mwa galuyu. Tafunafuna, mutu sitinaupeze."

Zoila anafinya thumba lake. Anandikoka malaya.

"Amalume," ananong'ona, "ndikawapatsa Pinto, akwera ndege?"

"Inenso sindikudziwa, mwanawe. Afunse wekha."

Zoila anatulutsa Pinto. Anamuonetsa kwa mayi Rosaura.

"Mayi, mupita naye kutali?"

Mayi Rosaura anagwira pakamwa. Kenako anagwada.

"Ayi, mwanangu. Tikumanga kanyumba pompano. Zonse zizikhala m'menemo."

"Ndizigona nayebe?"

"Ayi. Sindikunamiza. Uzingobwera kudzamuona."

Zoila anayang'ana Pinto. Anayang'ana miyendo inayi ija. Anayang'ananso Pinto. Anamupsompsona pamphuno. Kenako anamuika pakhosi pa galu uja.

Mutu unakhala ndendende.

Osefa anasiya kusefa. Okumba anasiya kukumba. Onse anabwera kudzaona.

Mayi Rosaura anamata mutu uja mosamala. Tinadikira kuti uume. Loweruka lina mudzi wonse unabweranso, ndi Camote yemwe.

Mayi Rosaura anathira madzi pang'ono mumtsuko.

"Bwera, Zoila. Tigwire limodzi."

Anaupendeketsa pang'onopang'ono. Madzi anayenda m'kati.

"Fwiii... uuu..."

Pinto analira!

Mawu ake anali aang'ono, okoma. Anthu amene anamanga phiri ankamva mawu omwewa. Tsopano tinawamva ife. Azibambo anavula zipewa. Inenso ndinavula changa. M'maso mwanga munalowa fumbi.

"Fwiii... uuu..."

Camote anatukula makutu. Anatukula mphuno.

"Auuu!" anayankha Camote.

Anthu onse anaseka.

"Eee, akudziwana!" anakuwa Wilmer.

"Waulesi ndani, achimwene?" anafunsa Zoila.

"Chabwino, chabwino. Galu wako ndi katswiri."

Pobwerera, Zoila anapisa dzanja m'thumba. Munalibe kanthu. Camote anabwera. Anamunyambita zala. Amayi anamugwira dzanja linalo.

"Amalume," anatero Zoila, "Pinto ali ndi miyendo tsopano."

"Eya, mwanawe, inayi."

"Koma sapita kulikonse."

"Sapita," ndinatero. "Ameneyu watsala kwathu."