Kansalu Kofiira m'Dambo

Benedicta ankafuna mnzake. Mmodzi yekha basi.

Makolo ake anali matenanti pa esiteti ya fodya ku Kapondo. Anali obwera. Chaka chimenecho sukulu inali itangoyamba kukhala yaulere. Ana ankadzaza pansi pa mtengo ngati nyerere. Koma palibe amene ankamuitana kukasewera fulaye. Ankapita yekha. Ankabwera yekha.

Tsiku lina Benedicta anadzera m'dambo. Anaona duwa m'maudzu. Linali loyera, la timadontho tofiirira. Anayang'ana uku ndi uku. Panalibe lina.

"Nawenso uli wekha?" anafunsa.

Duwa silinayankhe. Komanso silinamuseke. Tsiku lililonse ankabwera kudzaliuza nkhani.

Mvula inatha. Duwa linauma. Benedicta anaopa kuiwala malowo. Anazika kamtengo, n'kumangapo kansalu kofiira.

Koma kansalu kofiira kamaonekera patali.

M'mawa wina anapeza dambo lili maenje okhaokha. Anthu ankakumba chikande, timbatata ta pansi pa maluwa. Amalonda a ku Zambia ankatigula. Pa kansalu paja panali mtsikana wa m'mudzi, dzina lake Millicent. Khasu linali pambali pake. Kambatata kanali m'manja.

Benedicta anakhala pansi. Analira.

"Ukulira chiyani, iwe?" anafunsa Millicent.

"Wazula mnzanga. Ndinalibe wina."

Millicent anayang'ana m'dengu lake. Munalibe kanthu.

"Amayi akandikalipira," anatero. "Iwo amati kale dambo lonseli linkayera ndi maluwa amenewa. Tsopano akusowa. Lero ndapeza kamodzi kokhaka."

Millicent anayang'ana kambatata kaja. Kenako anabwezera kambatata m'dzenje. Anakwirira onse awiri. Millicent anamasula kansalu kaja.

"Malowa tiwasunge m'mutu," anatero. "Iwe ukaiwala, ine ndikumbuka."

Anadikira. Dzuwa linawamba. Udzu unapsa. Pamalo paja sipanaoneke kanthu. Benedicta ankaopa kuti duwa lafa. Millicent naye ankaopa. Ankapita limodzi kukasuzumira. Ankabwera limodzi.

Mvula inagwa. Udzu unamera. Atsikana aja anagwada m'matope, n'kupatula udzu pang'onopang'ono.

Maluwa anali awiri!

Benedicta anathamangira kuchigafa kumene mayi ake ankasoka fodya.

"Amayi, bwerani mudzaone."

Amayi anafika manja ali bii ndi fodya. Anayang'ana maluwa. Anayang'ana atsikana.

"Awiri apa, awiri apo," anatero akuseka. "Mwanawe, mnzakoyu bwera naye kunyumba. Ndaphika maungu."