Anamutsekera M'nyumba ya Khofi

Monika ankaduladula mbatata za nkhumba dzuwa likulowa pamene anamva chifuwa. Chinkachokera m'nyumba yosungiramo khofi, momwe munagona mwamuna wake, Siune. Sichinali chifuwa cha masiku onse ayi, chinkamveka ngati munthu akukoka phazi m'matope.

Chaka chimenecho mliri wa chifuwa unatipulula kuno kudera lathu la Simbu. Amuna atatu, Siune, Umba ndi Gigmai, anabwerako kuchipatala atachira, owonda ngati nzimbe. Koma Kerenga, mkulu wake wa Siune, munthu woti sauzidwa, anati mfiti zimakonda mtima wa munthu amene wangochira. Ndiye anawagoneka m'nyumba ya khofi, n'kumata mipata yonse ndi dothi kuti pasalowe khoswe kapena chiphaniphani, poti kwathu mfiti imayenda m'tizilombo totere.

M'nyumbamo, abale, munali fungo! Matumba onyowa ndi mvula anali atachita chuku chobiriwira mpaka kudenga. Sabata isanathe, Umba anayamba kulavula magazi, n'kufa. Gigmai anatsatira, thupi likutentha, mpweya ukununkha ngati chinthu chowola. Pamaliro anthu ankalira maso ali pa akazi okwatiwa kuchokera kumidzi ina, kuona amene misozi yake yachepa.

Monika naye anali wobwera. Madzulo amenewo atamva chifuwacho, anataya mpeni, nathamanga kukakankha chitseko chija mpaka chinatseguka.

"Ukutani, mfiti iwe?" Kerenga anakuwa, chikwanje chili m'manja.

"Alamu, anamwino anati mapapo ake ndi zilonda zokhazokha. Chukuchi chikamera m'kati. Mundilole ndipite naye kuchipatala."

"Mwamva? Akudziwa zimene zili m'kati mwa munthu! Unaziona bwanji?"

"Mawa kubwera galimoto, alamu. Chonde."

"Galimoto yoti ukamudyere kutali, eti? Awiri aja sunakhute?"

Anthu anali atazungulira kale. Ine ndinalipo, ndipo mpaka lero ndimadzida chifukwa sindinatsegule pakamwa. Wina anayamba kuwotcha chitsulo pamoto choti amutenthe nacho Monika. Siune anakwawa mpaka pakhomo, milomo ili bii ndi magazi.

"Achimwene, musiyeni. Monika, thawa!"

Kerenga anamubweza m'kati ndi phazi. Monika anadumpha mpanda wa nkhumba, nalowa m'munda wa khofi, miyala ikumutsata mpaka kumtsinje. Nyumba yake anthuwo anaiyatsa, chitseko cha wodwala anachikhoma ndi misomali, n'kusiya kabowo kolowetsera mbale.

Patapita masiku anayi, masana dzuwa likuswa mtengo, Monika anatulukira ndi anamwino komanso apolisi awiri, atamanga nsalu pabala la kumutu. Anazula misomali ija. Fungo linawabweza m'mbuyo. Siune anali atauma, nkhope ataigunditsa pamng'alu wa khoma pomwe anakanda dothi ndi zala kufuna mpweya.

Monika anagwa pansi n'kulira mokuwa. Kerenga analavula malovu ofiira a mtedza wa kuno wofiiritsa m'kamwa umene ankatafuna, natembenukira kwa apolisi.

"Mwaona pomwe mfitiyo inalowera?" anatero, akuloza mng'alu uja.