Chikole cha Mkango wa Michira Iwiri

Teleza anakumana ndi Crispin pa siteji ya Makwasa tsiku la chiperoni, mvula yamawawa ija yosadziwika ngati ikugwa kapena yangoima m'malere. Mtsikanayu ankachokera kunazale ya tiyi kumene ankasamalira mbande, zala zili bii ndi dothi la m'machubu.

Crispin anali wa ku koleji ya zaulimi, ndipo anabwera pa esiteti kudzaphunzira ntchito. Kwawo kunali ku Goliati konkuno, koma sukulu inali itamuiwalitsa matope, moti anavala nsapato zoyera mbee.

"Achemwali, ambulera yanuyo ndi ya munthu mmodzi?" anafunsa.

"Ndi ya mwiniwake," anayankha Teleza.

"Mwiniwakeyo ndi wouma mtima chonchi? Ndikafa ndi chibayo, anthu adzati munandiona."

Teleza anaseka, ndipo kusekako ndiko kunamugulitsa. Minibasi isanafike, anali awiri pansi pa ambulera imodzi, phewa la aliyense likunyowa mbali yakunja.

Pakamwa Crispin anali napo, tisanamizane. Anyamata ena amati "duwa langa", "shuga wanga", zomwe mtsikana aliyense anazimva kale. Iye anapeza dzina lakelake.

"Pa mtengo wonse wa tiyi amathyola nsonga yokha," anatero tsiku lina atamupeza kunazale. "Masamba enawo amangowasiya. Iwe ndiwe Nsonga yanga."

Ndani akanapirira zimenezo? Teleza anagwa m'chikondi mpaka m'khosi.

Chaka chisanathe, Crispin anapeza sikolashipu yokapitiriza maphunziro ku Czech, dziko la ku Ulaya limene Teleza anachita kulifufuza pafoni kuti adziwe kumene lili. Anatsanzikana pa siteji yomwe ija.

"Usalire, Nsonga yanga. Zaka ziwiri si kanthu. Ndikangotsika ndege, atsibweni anga akagogoda kwanu. Ndikulumbira."

Kuyambira pamenepo chikondi chinasamukira m'foni. Nthawi yopuma masana, anzake akamacheza za ovataimu ndi za kapitawo wovuta, Teleza ankakhala pakona pa shedi n'kumatsegula zithunzi.

Crispin ankakonda kuyenda Loweruka. Ankatumiza zithunzi za mabwalo a pakati pa matauni akale, oyalidwa miyala, ozunguliridwa ndi nyumba zachikasu, zapinki ndi zobiriwira, zogundana mapewa ngati ana asukulu pamzere. Pakati pamakhala chitsime chosema, pambali nsanja ya wotchi. Maina a matauniwo ankamupinda lilime Teleza, koma mauthenga ankawamva bwino.

"Ndili pabwalo la tauni ya Telč. Anthu akujambula nyumba, ine ndikungoona mpando wopanda munthu pambali pangapa. Ndi wako."

"Kuno kukuzizira kuposa ku Thyolo. Bwera ndi ambulera ija."

Tsiku lina kunabwera kavidiyo. Crispin anali ataima m'chipinda cha makoma amiyala, atavala chijasi chachikulu.

"Nsonga yanga, kuno ndi ku Kutná Hora. Nyumba inoyi ndi imene mafumu akale ankasuliramo ndalama zasiliva. Kunalibe makina, ankachita kumenya ndi nyundo imodziimodzi. Alendo amatilola kuyesako. Taona."

Bambo wina wovala zachikale anaika kachitsulo kobulungira pakati pa zitsulo ziwiri zosindikizira, n'kumupatsa nyundo. Crispin anaikweza m'mwamba. Kho! Kenako anatola kandalamako n'kukayandikiza ku kamera. Mbali ina kunali chisoti chachifumu, mbali ina mkango woimirira wa michira iwiri.

"Ndamenya ndi dzanja langa, ndikutchula dzina lako. Dzanja silimenya mofanana kawiri, ndiye iyi ilibe inzake padziko lonse. Ngati iweyo."

Zitatero kamera inaloza pansi, n'kuonetsa nsapato ndi miyala. Kavidiyoko kasanathe pankamveka kugunda kwina, kho! Teleza ankati ndi mlendo wina, poti pamzere panali anthu.

Kandalamako kanafika ndi Dickson, mnzake wa Crispin amene anabwera kutchuthi. Madzulo ake Crispin anaimba foni.

"Wakalandira? Chimenecho ndi chikole chako. Ukawaonetse akwanu, adziwe kuti pakhomopo pali mwini."

Teleza anapita nako kwa amalume ake, a Blackson, amene anakalambira pa thirakitala ya esiteti. Anakatembenuza uku ndi uku, atakatalikitsa ndi maso.

"Imagula chiyani imeneyi?"

"Siigula kanthu, amalume. Ndi yachikumbutso."

"Nanga mkango wa michira iwiri unauonapo kuti? Azungu nawonso." Anaseka pang'ono, kenako nkhope inasintha. "Mphwanga, chikole si chidole. Wandionetsa ine, ndiye kuti mudzi wonse waona. Wina akabwera ndimubweza. Ndipo zikadzakanika, chimabwerera kwa mwiniwake pamanja, ine ndikuona. Wamva?"

"Ndamva, amalume. Sizidzakanika."

A Blackson anasunga mawu awo. Yesaya, dalaivala wofatsa wa lole ya masamba, atatuma akwawo kudzafunsira, anauzidwa kuti anachedwa. Kutchalitchi amayi anayamba kumutchula Teleza kuti "apongozi a ku Goliati". Iye ankangomwetulira, kandalama kali m'kachitini ka mafuta odzola pansi pa sutikesi.

Zaka ziwiri zija zinathadi. Sabata imene Crispin ankabwera, Teleza anaganiza zoboola kandalamako kuti akavale m'khosi pokamulandira. Anagula katcheni kumsika, n'kupita kwa a Asumani, amene amakonza mawotchi ndi mafoni pakhonde la golosale pa Makwasa. M'dera lonselo ndi okhawo anali ndi kachoboolera kakang'ono kosaphwanya zinthu.

"Mwaswera, achemwali? Foni yatani?"

"Foni ili bwino. Ndimafuna mundiboolere aka, pamwamba pa chisotipa. Koma mosamala, chonde."

A Asumani anavala magalasi, n'kukaika pachikhatho. Anamwetulira ngati aona m'bale wawo.

"Aa, mkango wa michira iwiri uja. Inunso? Kodi zimenezi zikugulitsidwa kuti?"

"Sizigulitsidwa," anatero Teleza. "Ilibe inzake."

"Ndi zomwe ananenanso aphunzitsi aja. A Angella, a ku Changata. Mwezi wathawu ndinawaboolera yotereyi, pomwepa pa chisoti. Akuti abwenzi awo anamenya okha ndi nyundo ku Ulaya, akutchula dzina lawo. A Crispin, mwana wa a Jonas a ku Goliati. Chinkhoswe akuti ndi pa Khirisimasi, mpaka anandiitana ine kuti..."

Anaima. Anayang'ana katcheni kamene kanali m'manja mwa Teleza, kenako nkhope yake. Anavula magalasi aja pang'onopang'ono.

"Pepani, achemwali. Pakamwa pangapa."

Teleza anadikira kuti mtima uwawe. Anadikira misozi. Sikunabwere kalikonse. Ankamva wailesi ya m'golosale, ankaona mayi wina akutsatsa mapeyala, ndipo anazindikira kuti chala chake chimodzi chinali ndi dothi m'chikhadabo. Mkati monse munangochita dzanzi.

"Ndikubwezereni?" anafunsa a Asumani.

"Boolani."

"Achemwali..."

"Ndabwerera zimenezo. Boolani."

Kachoboolera kanalira pang'ono, tizidutswa tonyezimira n'kugwera pathebulo. Sizinatenge nthawi. A Asumani anakana kulandira kanthu, ndipo Teleza anathokoza mwaulemu ngati munthu amene wakonzeredwa foni.

Anabwerera kuntchito. Anathirira mbande, anazula udzu m'machubu, anayankha moni wa aliyense. Mnzake wina anamufunsa ngati diresi lolandirira alendo latha kusokedwa, iye anati latha. Kodi akanati chiyani?

Poweruka anakhala pa mwala m'mphepete mwa munda, tiyi atayala kubiriwira kwake mpaka kumapiri, n'kutsegula kavidiyo kaja. Anali atakaonera kosawerengeka, koma ulendo uno anamvetsera kumapeto kokha. Nsapato, miyala, kenako kho! Anabwezanso. Kho! Nyundo inali yomweyo, ndipo nsapato za Crispin sizinasunthe pamalo paja kuti zipatse mpata mlendo wina.

Foni inanjenjemera m'manja mwake.

"Nsonga yanga, mawa ndikunyamuka! Mtima wanga wafika kale, thupi ndi limene latsalira."

Teleza anawerenga mawuwo ngati chikwangwani cha pamsewu. Analemba kuti, "Muyende bwino."

A Blackson atamva nkhaniyo anadzuka pampando, kufuna kupita ku Goliati tsiku lomwelo. Anatukwana mu Chilomwe, chinthu chimene sankachita pamaso pa ana. Kenako anamuyang'ana mphwawo.

"Iwe, lira. Usandiopse. Munthu amalira."

"Misozi sikubwera, amalume. Ndayesa."

Crispin anafika pakhomo Lamlungu masana, chiperoni chitabwereranso. Anali atanenepa, atavala chijasi cha m'kavidiyo chija, ndi nsapato zina zoyera. Anatambasula manja ali pabwalo.

"Nsonga yanga!"

"Mwafika, a Crispin? Lowani. Amalume ali m'nyumba."

Manja aja anatsika okha. "A Crispin? Ndakhala a Crispin liti? Teleza, ndine."

M'nyumba a Blackson anayankha moni ndi mutu wokha. Teleza anakhala pamkeka, n'kutsegula kachitini kaja.

"A Angella ali bwanji?" anafunsa.

Crispin anadzidzimuka. Koma munthu wa pakamwa sagonja msanga. Anagwada pansi, chijasi chikukhudza dothi.

"Wakuuza ndani? Anthu ansanje amenewo. Tamvera, Nsonga yanga. Za Angella ndi za makolo, anandikakamiza. Mtima wanga uli kuno. Komanso kunja kuja kumasungulutsa, munthu umasokonezeka mutu."

"A Angella anali kunja?"

"Ayi, koma..."

"Anali pa Changata pompa. Dickson anayenda nazo ziwiri m'thumba limodzi."

"Yakoyo ndi imene ndinayamba kumenya. Ndikulumbira, Teleza. Yoyamba inali yako. Pamabwalo onse aja ndinkaganiza za iwe. Tidzapita limodzi, ndidzakuonetsa nyumba ya mafumu ija, udzamenya wekha. Ndipatse sabata imodzi ndikonze zonse."

Mawu anali omwe aja, okoma ngati kale. Teleza anawamvetsera mpaka kumapeto, akufufuza mumtima mwake ngati muli kena kotsala, chikondi kapena mkwiyo. Munalibe. Chimene chinamumvetsa chisoni pang'ono n'chakuti dzina lija, Nsonga, linali labwino, ndipo sakanalifunanso.

"Amalume, mukuona?" anatero.

"Ndikuona," anayankha a Blackson.

Teleza anagwira dzanja la Crispin, dzanja lomwe linamenya nyundo lija, n'kuikamo kandalamako pamodzi ndi katcheni kake. Crispin anakayang'ana, ndipo chala chake chinakhudza kabowo kaja.

"Wakaboola?"

"Ndakaboola," anatero Teleza. "Wina amene mukamupatseyo asadzavutike kupita kwa a Asumani."

A Blackson anatsegula chitseko, n'kuima pambali. Crispin anatuluka. Anaima pabwalo kanthawi, mawawa akumunyowetsa tsitsi, akuyang'ana ambulera imene inali itatsamira pakhonde.

Teleza anatuluka n'kuitola. Anaitambasula, nadutsa pambali pake, kulunjika kutchalitchi kumene amayi a kwaya ankamudikira kuti awauze tsiku la chinkhoswe chake, osadziwa kuti chibwenzi chatha.