Kalata ya Ukwati Siyenda pa Positi

"Fufuta mudzi umenewo," anatero Filomena akugogoda mapu ndi chala. "N'kutali. Yakumeneko ingotumiza pa positi."

Mapuwo anali atayalidwa pa tebulo la kukhitchini kwa mwana wake Canio, mumzinda wa Potenza, ndipo wogwira pensulo anali mpongozi wake Loredana. Ine Vincenza, mng'ono wake wa Filomena, ndinali pomwepo ndikusenda mbatata. Ndinamva zonse.

Nkhani inali ya ukwati wa Ilaria, mwana wamkazi wa Canio. Makalata oitanira anthu anali atabwera kuchokera kosindikiza, ndipo kwathu kuno kalata yotere kwa wachibale imaperekedwa pamanja. Umakwera galimoto, kukagogoda, kukhala pansi, kumwa khofi wawo, kudya chimene akupatsa, kenako n'kutulutsa envelopu. Nyumba zinalipo khumi ndi zisanu ndi ziwiri, zomwazikana m'midzi ya m'mapiri, pamene Canio anali ndi masiku atatu okha a tchuthi.

Loredana ndi wa kumpoto, ku Torino. Anakwatiwa ndi Canio Ilaria ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, patapita zaka ziwiri chimwalirireni mayi ake a mwanayo, Rosangela. Mwanayo anamulera bwino, pamenepo palibe angatsutse. Koma ntchito yake ndi yokonza nthawi zoyendera mabasi, ndiye ulendowu anaugwira ngati wa kuntchito. Tsiku loyamba Vaglio, Tolve ndi Tricarico. Lachiwiri Stigliano ndi midzi yoyandikira. Nyumba iliyonse mphindi makumi anayi.

"Mphindi makumi anayi kwa a Rocco?" ndinamufunsa, kunena alamu ake a Filomena. "Bambo amene uja mphindi makumi anayi n'zongofotokoza za bondo lake lakumanzere."

Anaseka, n'kuwonjezera khumi. Koma mudzi umodzi unkamusokonezera zonse. Terranova, kumunsi kwenikweni m'tsinde mwa phiri la Pollino, maola awiri ndi theka pa msewu wokhotakhota. Kumeneko kunali nyumba imodzi yokha, ya Donata, mayi ake a malemu Rosangela.

Filomena ndi Donata sapatsana moni chichitikireni maliro aja. Donata anakakamira kuti mwana wake akaikidwe kwawo ku Terranova, Filomena ankafuna ku Potenza, ndipo mawu amene anaponyerana pa khomo la tchalitchi sindiwabwereza pano. Anapambana ndi Donata.

"Amayi, koma sakadandaula?" anafunsa Loredana, pensulo ili m'mwamba.

"Adandaule chiyani? Ndi nkhalamba ija, alendo amaitopetsa. Uichitira chifundo."

Canio anali pa sinki akumwa madzi. Anayang'ana mayi ake, anayang'ana mkazi wake, n'kutuluka kukathirira tomato wa pakhonde. Ine ndinapitiriza kusenda mbatata. Phokoso ndimadana nalo, ndipo ndinati mumtima wina akonza. Loredana sasiyira mawa chinthu chotheka lero. Masana omwewo, Lolemba, anamata sitampa n'kukaponya kalatayo.

Lachitatu Ilaria anafika kuchokera ku Bari kumene amagwira ntchito ya unamwino. Tinali titangokhala pa tebulo kuti tidye pamene anaona pepala la ulendo litamatidwa pa chitseko cha firiji. Analiwerenga ataimirira, n'kulibwerezanso.

"Terranova ali pati?"

"Ya agogo ako ndinatumiza kale, mwanawe," anatero Loredana akugawa chakudya. "Ifika msanga kuposa ife."

"Munatumiza? Pa positi?"

"N'maola asanu kupita ndi kubwera, pa nyumba imodzi. Bambo ako ali ndi masiku atatu okha."

"Kwa mayi wa amayi anga? Positi ndi ya anzawo a abambo a kuntchito! Ndi ya dokotala wa mano!" Misozi ya Ilaria inali mbwembwembwe. "Zaka zonsezi ine ndinkati mumandikonda. Kani munkangodikira tsiku loti muwafufute amayi anga ndi pensulo?"

"Ilaria, ukunena chiyani?"

"Agogo akapanda kubwera, ukwati umenewu kulibe. Ndikakwatiwira ku ofesi ya boma ndi mboni ziwiri zotola pamsewu, ndipo inu simudzamvako n'komwe."

Analowa kuchipinda n'kumenyetsa chitseko mpaka matambula analira m'kabati. Loredana anangoima, chipande chili m'manja, misozi ikutsika. Anayang'ana aliyense wa ife. Ndiye ndinayankhula ine, mochedwa ndi masiku awiri.

"Khala pansi, Loredana. Kuno kalata ya ukwati ikafika kwa wachibale pa positi, imanena kuti tikudziwa uli moyo koma usabwere. Donata sangabwere. Ndipo mudzi wonse udziwa chifukwa chake."

Loredana anatembenukira kwa Filomena pang'onopang'ono.

"Amayi, inu mumadziwa zimenezi?"

"Sindinakugwire dzanja ine," anatero Filomena akunyema buledi. "Sitampa unamata wekha."

"Canio? Iwe unali pa sinki apo."

"Lore, ndinkati zitha zokha."

"Zitha zokha!" Loredana anaponya chipande mumphika. "Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndili m'banja muno. Munandiphunzitsa kukanda ufa kambirimbiri mpaka manja anga anakukhutiritsani. Munandiphunzitsa kumanga tsabola pa ulusi, kuyanika zovala mmene mumafunira inu, tsiku loyenera kupita kumanda. Chinthu chimodzi ichi chokha ndiye munandibisira, kuti mkangano wanu wa pamaliro muumalizire ndi dzanja langa? Mwana uja ndamulera ine! Akudwala chikuku ndinali naye ine. Lero akundiyang'ana ngati mfiti."

"Usandikwezere mawu m'nyumba ya mwana wanga."

"M'nyumba muno ndi mwanganso."

Anamatula pepala lija pa firiji, kuling'amba pakati, n'kuyalanso mapu pambali pa mbale zathu. Anakoka mzere umodzi wokha kuchokera ku Potenza kutsika mpaka ku Terranova.

"Mawa tiyambira uku. Mwina tikafika kalatayo isanafike."

Filomena anaimirira. "Misala! Nyumba yoyamba ndi ya a Rocco, mkulu wa malemu mwamuna wanga. Akamva kuti mwayambira kuchikazi, kwa mkazi uja, anena chiyani?"

"Muwauze kuti wa ku Torino sadziwa mwambo. Si zimene mumanena nthawi zonse?"

"Ngati galimoto ikupita kumeneko, ine sindikwera."

"Pamalo panupo akhala amayi aang'ono," anatero Loredana akundiloza ine.

"Canio, ndine mayi ako. Yankhula!"

Canio ndi mwana wa mkulu wanga ndipo ndimamukonda, koma ndi munthu woti mvula ikayamba amadikira wina amuuze kuti akunyowa. Tsiku limenelo anayang'ana chitseko cha chipinda cha mwana wake, n'kunena kuti, "Amayi, Rosangela nayenso anali ndi mayi."

Filomena anatenga chikwama chake n'kutuluka. Chitseko chachiwiri chinamenyetsedwa tsiku lomwelo.

Tinanyamuka m'mawa. Canio pa chiwongolero, Loredana pambali pake, ine ndi Ilaria kumbuyo, bokosi la makalata lili pakati pathu. Mtsikanayo nkhope inali ku zenera ulendo wonse. Kutentha kwa Julaye, minda ya tirigu yokololedwa kale, kenako titadutsa Senise msewu unayamba kuzungulira ngati matumbo a nkhosa. Ndinaimitsa galimoto kawiri chifukwa cha nseru.

"Makalata a kumapiri amachedwa, si choncho?" Loredana anafunsa kachitatu.

"Yang'ana kutsogolo, mwana iwe," ndinamuyankha. "Ikafika yafika."

Inali itafika. Titalowa m'nyumba ya Donata tinaiona pa tebulo, yosatsegula, itatsamira chikho cha shuga. Donata ndi kamayi kakang'ono kouma, kovala zakuda chimwalirireni mwana wake. Anapsompsona mdzukulu wake masaya onse awiri. Ife anangotilozera mipando. Khofi sanateleke, ndipo aliyense wa kuno akudziwa tanthauzo lake.

"Mwabwera kudzaona ngati yafika? Yafika dzulo. Wa positi anandipatsira pabwalo la tchalitchi, azimayi onse ali pomwepo. Akuti, 'A Donata, iyi ikuoneka ya ukwati, kodi si ya mdzukulu wanu?' Ndinati sindikudziwa, maso anga saona bwino."

"Agogo," anayamba Ilaria.

"Iwe khala chete. Iweyo sukanachita zimenezi."

"Ndine ndinatumiza," anatero Loredana. "Sindinkadziwa tanthauzo lake. Koma ndakunyazitsani pa anthu, ndipo ndikupepesa."

"Ndani anakuuza za positi?"

"Dzanja linali langa."

"Sindinafunse za dzanja."

Canio anali akuwerenga matailosi a pansi. Ndinaona kuti tikhala pano mpaka mawa.

"Ndi mkulu wanga, Donata," ndinatero. "Ndipo ine ndinalipo, osanena kanthu."

"Ndimadziwa ine," anatero Donata. "Ndimangofuna kuona ngati m'banja lanu muli wina wa pakamwa." Kenako anakankha envelopuyo ndi chala. "Koma pepala lobwera m'chikwama cha wa positi ine sinditsegula. Mwavutika ndi msewu. Muyende bwino."

Ilaria anayamba kulira mosisima. Loredana anaimirira, kutenga envelopuyo pa tebulo, kutuluka panja n'kutseka chitseko. Ndinkaganiza kuti wapita ku galimoto. Kenako tinamva kugogoda.

Donata sanasunthe. Pa zenera ndinaona azimayi atatu oyandikana nawo atatuluka, wina ndi tsache, wina ndi chidebe chopanda kanthu. Loredana anali chiimire padzuwa, nkhope itafiira. Anagogodanso. Donata anakonza mpango wake, n'kuyenda ngati alibe kopita.

"Ndani?" anafunsa chitseko chili chotseka.

"Ndine Loredana, mkazi wa Canio. Ndabwera ndi kalata ya ukwati wa mdzukulu wanu Ilaria. Nyumba yanu ndi yoyamba."

Donata anatsegula pang'ono, n'kusuzumira kwa azimayi aja.

"Makutu anga akalamba. Wati nyumba yachingati?"

"Yoyamba!" anakuwa Loredana mpaka galu wa kuseri anayamba kuuwa. "Kwa a Rocco sitinafikeko. Kulikonse sitinafikeko. Tayambira kwa inu!"

Donata analandira envelopuyo ndi manja awiri, pakhomo pomwepo, n'kuitsegula onse akuona. Anawerenga dzina la mwana wake Rosangela, limene Loredana analembetsa yekha pa kalatayo pambali pa la Canio. Anapukuta maso ndi nsonga ya mpango.

"Lowa, dzuwa likupsereza," anatero. "Ilaria, teleka khofi. Canio, pita ukatsitse soseji ija ili pa mtanda, usangokhala ngati thumba la ufa."

Mphindi makumi anayi zija zinasanduka maola asanu. Tinadya pasta wa tsabola wouma wokazinga, soseji, tchizi wa mbuzi, n'kubwerezanso chifukwa kwa Donata mbale yoyera ndi pempho loti akuwonjezere. Titatha kudya Ilaria anapita pamene panakhala Loredana, n'kumugwira dzanja.

"Ndinayankhula zoipa dzulo."

"Unayankhula zoipa zedi."

"Mundikhululukire. Tiyeni kumanda, mukawaone amayi. Simunafikeko n'kale lonse."

Anapita awiri okha, ife tinatsala tikutsuka mbale.

Ulendo wa masiku atatu unatenga asanu, Canio anachita kupempha ena kuntchito. Pofika kwa a Rocco tsiku lotsatira, foni inali itatitsogolera kale. Mkuluyo sanakwiye n'komwe. Anafotokoza za bondo lake kwa ola lathunthu, kenako anati, "Mukamuuze mlamu wanga Filomena kuti maliro anatha kalekale." Nyumba iliyonse imene tinalowa, funso linali lomwelo, lofunsidwa ndi anthu odziwa kale yankho lake: a Filomena atsala bwanji? Mkulu wanga ankafuna kuti manyazi akwere phiri kupita ku Terranova, koma anazungulira midzi yonse n'kukamupeza pakhomo pake.

Ukwati unachitika mu Seputembala. Donata anabwera, atavala diresi la buluu kwa tsiku limodzi lokha, ndipo m'tchalitchi anakhala pambali pa Loredana. Filomena anabweranso, anakhala kumapeto kwa benchi, chibwano chili m'mwamba. Moni ndi Donata sanapatsane. Ine mkulu wangayo sandiyankhula mpaka lero, akuti ndinamugulitsa kwa adani. Azikhala. Tonse ndife okalamba, akadzafuna womuperekeza kuchipatala nambala yanga akuidziwa.

Chimene chimandinyansa n'chakuti chiganizo chimodzi chikanathetsa zonsezi, ndipo ine amene ndimadzitama kuti ndimanena chilungamo ndinachisunga m'kamwa poopa phokoso. Mtsikana anatsala pang'ono kukwatiwa popanda wake aliyense, ndipo mkazi wosalakwa anaima padzuwa akukuwa ngati wogulitsa nsomba. Ndiye inu amene muli ndi mpongozi wochokera kutali, mukaona akumukankhira m'dzenje limene iye sakuliona, musadikire kuti wina akonza. Yankhulani pomwepo, ngakhale mbale zisweke. Chonde, chitani bwino kuposa mmene ndinachitira ine.