Ngatu ya Ukwati wa Heilala

Lachiwiri m'mawa Kalolaine anatukula matiresi ake n'kupeza matabwa okhaokha. Ngatu inali itapita.

Ngatu ndi nsalu yathu ya makungwa, ife a ku Tonga. Imeneyi anaisula ndi malemu mayi ake a Kalolaine, yaitali zigawo makumi asanu. Loweruka inayenera kuyalidwa pakhomo la tchalitchi chathu ku Wattlebank, kunja kwa Brisbane, kuti Heilala, mwana wa Kalolaine, apondepo potuluka ndi mwamuna wake. Mkwatibwi akaponda simenti, akuchimuna amamunena mpaka imvi.

Sajeni Hargreaves, wapolisi wamkazi wosaseka, anafika cha m'ma teni koloko.

"Ndi ya ndalama zingati?"

"Ndi ya mayi anga."

"Mayi, ndikufuna mtengo."

"Lembani kuti ndi ya mayi anga!"

Chitseko sichinathyoledwe. Kiyi wina anali kwa mchimwene wake wa Kalolaine, mwamuna wa Uinise.

Uinise ameneyu ndinkadana naye kale, sindibisa. Anali ndi gulu pa intaneti, azimayi zikwi zinayi ogulitsana mikeka ndi ngatu, ndipo ankawaphunzitsa malonda ngati m'busa pa guwa. "Musathamangire mtengo," ankatero. "Yambani mwamuuza munthu chimene akugula. Katundu wopanda mbiri ndi chiguduli."

Lachitatu masana Losaline, woyandikana nyumba ndi Kalolaine, analowa wefuwefu foni ili m'manja.

"Amake Heilala, alamu anu akugulitsa pa intaneti pompano. Taonani!"

Kalolaine anayesa pa foni yake. Anali atachotsedwa m'gulumo.

Pa foni ya Losaline, Uinise anali atanyamula chidutswa cha ngatu, ogula akumuthira mawu pansi pa kanemayo.

"Yapepala iyo!" analemba wina.

"Madola mazana anayi? Wadya chiyani lero, Uinise?"

Uinise anapsa mtima. "Pepala? Maso anu ali kunkhongo? Dikirani."

Anatembenuza chidutswacho n'kuyandikiza m'mphepete mwake ku kamera. Osula ngatu amalemba nambala pa chigawo chilichonse ndi utoto wakuda. Panali 33 ndi 34.

"Dzanja la munthu ili, osati makina! Mayi amene anaipanga anasula miyezi isanu, sanapite kusukulu n'komwe. Taonani folo wakeyu, wayang'ana kumbuyo. Fakitale iti ingalembe chonchi?"

Ogula anayamba kulimbirana. Kalolaine anangokhala pansi. Folo wotembenukayo ankamudziwa kuyambira ali mwana.

Pofika thuu koloko, Sajeni Hargreaves anali atagogoda pa galaja ya Uinise, Kalolaine ali kumbuyo kwake.

"Alamu, mukubwera ndi apolisi pakhomo pa mchimwene wanu?" anakalipa Uinise. "Manyazi mulibe?"

"Ili kuti?" anafunsa Kalolaine.

"Inkangodyedwa ndi mphemvu pansi pa bedi! Amuna anga si mwana wa mayi yemweyo?"

"Ndati ili kuti, mfiti iwe?"

Sajeni anatsegula katoni imene inali pa tebulo, pambali pa sizasi yaikulu. Munali zidutswa, chilichonse m'pulasitiki yakeyake, ndi kapepala kofotokoza mbiri ya mayi wosulayo.

Kalolaine anagwira khoma. "Waidula yonse?"

"Yathunthu angagule ndani? Anthu amafuna yopachika pabalaza."

Zidutswa zisanu ndi zinayi zinali zitatumizidwa kale kwa ogula a ku Auckland, kutsidya la nyanja. Unyolo utalira m'manja mwake, Uinise anakuwira mwamuna wake, koma bamboyo sanatuluke m'nyumba.

Kalolaine anayamba kutola zotsalazo. "Ndizilumikiza. Masiku atatu akwana."

Sajeni anagwira katoniyo. "Pepani mayi, uwu ndi umboni. Mudzatenga mlandu ukatha."

"Ukwati ndi Loweruka!"

"Mlandu ndi mu Malichi."

Loweruka Heilala anatuluka m'tchalitchi atawala ngati mwezi. Akuchimuna anali atandanda mbali zonse ziwiri za khomo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anamuyang'ana kumaso. Onse ankayang'ana mapazi ake.