Suti Yokwana Popanda Kuyeza

Ku ofesi ankamutchula kuti Malaya Amodzi. Dzinali analiputa yekha. Chiyambireni ntchito ya ukalaliki pa kampani ina ya inshuwalansi, mnyamatayu ankavala malaya oyera omweomwewo. Akaweruka ankawachapa, m'mawa n'kuwaumitsa ndi simbi. Bwana wake anali atamuchenjeza kale.

"Mnyamata iwe, kasitomala amayamba waona kolala asanamve mawu ako. Dzikonze!"

M'mawa wina ali pa siteji ya basi, batani la pachifuwa linathothoka n'kugwera m'ngalande.

"Musalifune achimwene, lapita limenelo," anatero mtsikana wina kumbuyo kwake.

Anali telala, shopu yake inali tsidya lina la msewu. Anasolola singano pa kolala ya diresi lake, n'kutulutsa batani m'kachikwama.

"Imani chilili, ndingakubayeni."

Anasoka malaya ali m'thupi. Podula ulusi ndi mano, nkhope yake inafika pachifuwa pa mnyamatayo, ndipo inakhalitsa pamenepo. Mtima wa Malaya Amodzi unagunda ngati ufuna kuthothola batani lina!

"Msinkhu wake womwewo," ananong'ona telalayo.

"Mwati bwanji, chemwali?"

"Ndati mapewa anuwa ndi oyenera jekete. Mudzadutse ku shopu mukaweruka."

Anadutsadi. Mawa lake anadutsanso. Sabata isanathe, "inu" anasanduka "iwe", ndipo m'foni mwake telala uja analembedwa kuti Duwa.

Duwa ndiye anamuphunzitsa kuvala.

"Wapamtima, mwamuna wapantchito safuna zovala zambiri, amafuna zomukhala. Lamba afanane ndi nsapato. Tayi ithere palamba, osati pamchombo ngati ya mwana wa sukulu. Batani lomaliza la jekete samanga."

"Nanga ndizipeza kuti zonsezi, mayi?"

"Zimenezo undisiyire ine."

Lolemba lililonse Duwa ankamubweretsera chinthu chimodzi. Anayamba ndi malaya abuluu, kenako thalauza lotuwa, tayi ya timadontho, nsapato zakuda. Za malipiro sankafuna n'kumva komwe. Ku ofesi dzina lija linayamba kufa. Bwana anafika pomutenga kokakumana ndi makasitomala akuluakulu.

Koma panali tinthu tina tomwe tinkamudabwitsa.

Duwa sanamuyezepo ndi tepi ngakhale kamodzi, koma chilichonse chinkamukwana ndendende. Ankati zovalazo ndi zatsopano, chonsecho makolala ake anali ofewa ngati ochapidwachapidwa. Nsapato zinali ndi makwinya kale, ndipo chidendene chakumanzere chinali chodyeka pang'ono. Zonse zinkatuluka fungo limodzi, la mafuta onunkhira achimuna osakanikirana ndi fungo la m'kabati yotsekedwa nthawi yaitali. Ngakhale azichape bwanji, fungolo silinkachoka.

Akavala, Duwa sankamuyang'ana kumaso.

"Tembenuka, wokondedwa. Yang'ana kukhoma. Eya, ima choncho."

Ankaima atamufulatira, kumbuyo kuli zii. Makina osokera ataleka kulira, ankangomva kupuma kwa Duwa, pang'onopang'ono, pafupi ndi khosi lake.

Tsiku lina Duwa anamuvula wotchi n'kumuveka kudzanja lamanja. Tsiku lina anamuuza kuti azimeta ndevu zonse. Kenako anamufunsa akuseka, "Ukukumbukira mvula ija inatinyowetsa pobwera kokagula makatani?"

"Makatani ati, Duwa?"

Kuseka kuja kunazima. "Ndasokoneza ndi maloto," anatero, n'kuyambanso kupalasa makina.

Mauthenga ake anali okoma ngati uchi. "Dzuwa langa, wafika bwino kuntchito?" "Usakwere galimoto yothamanga, ndapota nawe." "Ndidzakusitira malaya mpaka manja anga adzakalambe." Koma uthenga wina unamuimitsa pakati pa masitepe a ku ofesi: "Lonjeza kuti sudzandisiyanso."

Sudzandisiyanso? Anamusiyapo liti? Komabe chikondi sichifunsa zambiri. Anayankha kuti, "Ndalonjeza, Duwa langa. Imfa yokha."

Yankho silinabwere tsiku lonse.

Loweruka lina Duwa anamupatsa suti yakuda, yokongola kuposa zonse.

"Uivale, ubwere kunyumba masana ano. Amayi kulibe, apita kwa achemwali awo."

Anasamba, anavala, anamanga tayi ija ya timadontho. Pagalasi anadziona ngati munthu wina, ndipo anakondwa. Lero lomwe amuuza Duwa za ukwati!

Atagogoda, anatembenuka kuyang'ana maluwa a pakhonde. Chitseko chinatseguka kumbuyo kwake. Kapu inagwa, phwaa!

"Mayo ine! Mayo! Akufa sadzuka!"

Anali mayi wachikulire, atagwira chitseko ndi manja onse awiri. Mnyamatayo atatembenuka, mayiyo anamuyang'anitsitsa kumaso, n'kukhala pansi pomwepo.

"Pepani amayi, ndine mnzake wa mwana wanu."

"Ndabwerera panjira, mutu umandipweteka. Iye wapita kukagula zakumwa." Analoza sutiyo. "Bambo, suti mwavalayi mwaitenga kuti?"

"Wandipatsa ndi iyeyo."

"Lowani muone."

Anamutengera kuchipinda. Makatani anali otseka masanasana. Mayiyo anatsegula kabati. Munali mahang'ala okhaokha, akugundana pang'onopang'ono. Fungo lija linatuluka lonse, lamphamvu, mpaka mnyamatayo anagwira khoma.

"Munali modzaza umu," anatero mayiyo. "Zovala za malemu mkamwini wanga. Anafa pangozi ya galimoto akuchokera kuntchito, ukwati usanathe n'chaka chomwe. Mwana wangayu ankazisita sabata ndi sabata, kukana kuti abale azitenge. Nditaona zikuchepa ndinathokoza Mulungu, ndimvekere wayamba kuchira, akupatsa osowa. Kani akuveka inu! Suti imeneyi ndi yomwe anavala pa ukwati wawo."

Tayi inamuthina ngati chingwe. Ndiye kuti miyezi yonseyi ankayenda m'nsapato za munthu wakufa? Wotchi kumanja, ndevu zometa, mvula ya makatani, zonsezo zinali za mwini wake?

Pakhomo panamveka mabotolo kugundana. Duwa anaima pamenepo, maso ali pa kabati yotsegula. Mayi ake anatuluka mwakachetechete.

"Duwa, ndiyang'ane."

Duwa anayang'ana tayi.

"Kumaso, Duwa! Unandikondapo ine? Ineyo, wa malaya amodzi uja?"

Misozi inatsika m'masaya mwa Duwa. "Ndiwe munthu wabwino. Ndinayesetsa, Mulungu akudziwa."

"Yankha zomwe ndafunsa."

"Ukandifulatira," anatero motsitsa mawu, "ndimakukonda kwambiri."

Bola akanamumenya mbama! Mnyamatayo anayamba kumasula tayi. Duwa anamugwira dzanja, n'kugwada.

"Usavule kaye. Ndikupempha chinthu chimodzi, kenako uzipita, sindidzakuvutitsanso. Tsiku la ngozi lija ndinaphika, ndinadikira, koma mwamuna wanga sanagogode. Tuluka panja, utseke chitseko, ugogode ngati ukuchokera kuntchito. Kamodzi kokha."

Akanatha kukana. Anayenera kukana! Koma ankamukonda, ndipo vuto lake linali lomwelo.

Anakonza tayi. Anatuluka, n'kukoka chitseko. Panja dzuwa linali phwee, koma iye ankamva kuzizira mpaka m'mafupa. Anakweza dzanja.

Go! Go! Go!

M'nyumba munamveka mapazi othamanga. Chitseko chinatseguka, ndipo nkhope yomwe anaiona anali asanaionepo chikumanireni. Inali yowala, yachimwemwe chenicheni, ya mkazi amene mwamuna wake wafika. Duwa anamukumbatira mwamphamvu, nkhope ataikwirira mu jekete.

"Wachedwa bwanji, bambo a kunyumba? Wachedwa bwanji?"

Mnyamatayo anamusiya alire mpaka mapewa ataleka kugwedezeka. Kenako anamuchotsa manja mwaulemu, anavula jekete, n'kumufunditsa.

"Wafika, chemwali," anatero. "Tsopano mutsanzikane naye. Ine ndapita."

Anatsika pakhonde n'kulunjika kumsewu. Ankadziwa kuti Duwa akumuyang'ana kumsana, ndipo n'chifukwa chake anafulumira kukhota.