Luangwa ya Mvuu

Tionge amakhala ku Kabushi, mu Ndola. Tionge ali ndi vuto. Anzake akumutcha Kabodza.

Zinayamba tsiku lotsekera sukulu.

"Ine ndikupita ku Luangwa," anatero Tionge. "Ndikaona mvuu."

Dennis anaseka. Dennis ndi wa nyumba yoyandikana ndi yawo. Pakamwa pake sipatsekeka, mwana ameneyu.

"Bufi," anatero Dennis m'Chibemba. "Bodza limenelo. Luangwa ndi komboni ya ku Kitwe. Amalume anga amakhala komweko. Kuli nkhuku. Kuli maminibasi. Mvuu kulibe."

Ana onse anaseka. "Kabodza, Kabodza."

Tionge zinamuwawa kwambiri. Iye sanali kunama.

"Atate, kodi Luangwa ili ku Kitwe?" anafunsa atafika kunyumba.

Atate anaseka mpaka kutsokomola.

"Iliko, mwanawe. Koma yathu ndi ina. Ndi kumene kumakhala azakhali ako, a Lenia. Ukaona wekha."

Tsiku linafika. Tionge ndi atate anakwera basi. Basi inayenda, inayenda. Inafika ku Lusaka.

"Atate, tafika?"

"Sitinafike."

M'mawa mwake anakwera basi ina. Inakwera mapiri. Inatsika mapiri. Inaima pafupi ndi mlatho waukulu.

"Luangwa!" anafuula kondakitala.

Tionge anadumpha. "Tafika!"

"Khala pansi, mayi," anatero atate. "Apa ndi pamlatho chabe. Sitinafike."

Koma abale, Luangwa zachuluka bwanji.

Basi inakhota. Inatsata mtsinje. Kenako atate anamwetulira.

"Tsopano tafika."

Tauni yake inali yaing'ono. Kunali kotentha ngati m'khitchini. Azakhali a Lenia anabwera akuthamanga. Anamunyamula Tionge juu.

"Wakula, iwe. Tiye ukaone kwanu."

Anapita kumtsinje. Madzi, madzi, madzi okhaokha. Tionge anangoti kukamwa yasa.

"Uwu ndi Luangwa," anatero azakhali. "Uwo ndi Zambezi. Imakumana pano. Tsidya ili ndi Mozambiki. Tsidya ilo ndi Zimbabwe."

"Mayiko atatu," anatero Tionge. "Ndi maso anga awiriwa."

Kenako anafika pa mtengo wa mlambe. Mtengo wake waukulu zedi. Tionge anagwira dzanja la atate. Atate anagwira dzanja la azakhali. Anayesa kuuzungulira. Anakanika.

"Mtengo uwu waona zambiri," anatero azakhali. "Kalekale tauni ino inkatchedwa Feira. Ndi mawu a Chipwitikizi. Amatanthauza msika. Amalonda ankabwera pa mabwato. Ankabweretsa nsalu ndi mikanda. Ankatenga minyanga ya njovu."

Azakhali anatsitsa mawu.

"Ankatenganso anthu, kukawagulitsa kutali. Zinali zoipa. Zinatha, koma sitiiwala."

Tionge anamva chisoni. Anausisita mtengo uja.

Koma mvuu? Tionge anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Anaona mabwato. Anaona asodzi. Anaona nsomba zoyanika padzuwa. Mvuu sanazione.

Kodi adzakhala Kabodza mpaka kalekale?

"Atate, ndibwerekeni foni. Ndidikira pompano."

"Dikira kumtunda kuno," anatero azakhali. "Usayandikire madzi. Mvuu si mnzako."

Tionge anakhala pakati pa atate ndi azakhali. Anadikira. Anadikirabe. M'madzimo munali miyala itatu yakuda.

"Miyala chabe," anadandaula Tionge.

Azakhali anangoseka chamumtima.

Mwala umodzi unagwedeza khutu. Unagwedezanso lina. Kenako unayasamula. Kukamwa kwake ngati chitseko cha minibasi.

"Mvuu!"

Tionge anadina foni. Anajambula mvuu. Anajambula mlambe. Anajambula mitsinje iwiri ija.

Holide inatha. Tionge anabwerera ku Kabushi. Anakhala pakhonde ndi atate ndi amayi. Ankamunya malambe ochokera kwa azakhali.

Dennis anasuzumira pampanda. Ana ena anali kumbuyo kwake.

"Kabodza wabwera. Nkhuku za ku Kitwe zili bwanji?"

"Bwera uzione," anatero Tionge.

Dennis anayang'ana pafoni. Anaona kukamwa kuja. Kwa nthawi yoyamba, pakamwa pake panatsekeka.

"Ndi mvuu yeniyeni," anatero pang'onopang'ono. "Pepa, Tionge. Sunali kunama."

Tionge anamupatsa malambe. Anagawirako ana onse. Dzina la Kabodza linathera pomwepo.

Dennis anamunya, anamunya. Kenako anakanda mutu.

"Atate a Tionge, ulendo wina ndingapite nanu ku Luangwa?"

Atate anayang'ana Tionge. Tionge anamwetulira.

"Ku Luangwa iti, Dennis? Ya nkhuku kapena ya mvuu?"

"Ya mvuu," anatero Dennis.

Amayi anaseka mpaka misozi. Ndipo Tionge anasendera, kuti Dennis akhale nawo pakhonde.